Galasi Limene Licinjiriza Mtsinje

Madzi onyansa ocokera m'zimbudzi za m'mizinda yaikuru sayenera kuthiridwa mumtsinje asanayeretsedwe, pakuti kumunsi kuli anthu amene atunga ndi ng'ombe zimene zimwa. Njira imodzi yowayeretsera anaitulukira ndi Edward Ardern ndi William Lockett ku Manchester, m'dziko la England, m'caka ca 1914. Madziwo awauzira mpweya m'matanki, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso tidya zonyansazo ndi kuundana ngati matope. Matopewo ayenera kukhala pansi kuti madzi oyera apitirire okha.

Kayesedwe kace nkosabvuta konse. Wanchito atunga lita imodzi ya madzi a m'tanki m'galasi lalitali la mizere, nayembekeza mphindi 30, monga momwe amai ayembekezera madzi a pacitsime kudikha mumtsuko. Pamenepo awerenga mamililita amene matope adzaza, nawagawa ndi magalamu a matope ouma a m'litayo. Matope a magalamu 3 akadzaza mamililita 300, yankho ndi 100, ndipo zinthu ziri bwino. Koma likapitirira 150, kawirikawiri tizilombo tonga ulusi tacuruka. Matope afufuma, akana kumira, nasefukira kumtsinje. Cimodzi mwa zocititsa zimenezi ndico kucepa kwa mpweya, motero wanchito wocenjera ayamba wayang'ana makina ouzira.