Pac-Man pa mwambo wachifundo angakuike m'khoti

Ku America, sukulu kapena mpingo ukafuna kusonkhetsa ndalama zothandizira odwala, ena amabweretsa makina a masewera akale, aja oponyamo kandalama kachitsulo. Abambo a imvi amandanda pamzere kuti alawenso Pac-Man wa 1980 kapena Donkey Kong wa 1981. Koma makina ena ukawatsegula kumbuyo, supezamo zipangizo za Namco kapena Nintendo. Umangopezamo kakompyuta kokwana m'dzanja, ka Raspberry Pi, ndi kakhadi kodzaza masewera mazanamazana okopedwa pa intaneti.

Pulogalamu yochititsa kompyuta kukhala ngati makina akalewo amaitcha emulator, ndipo payokha siyoletsedwa. Mu 2000 kampani ya Sony inagonja m'khoti la apilo itasumira Connectix, yomwe inapanga emulator ya PlayStation. Emulator ya MAME, imene Nicola Salmoria anaiyamba mu 1997, aliyense angaitenge mwaulere.

Pagona nkhani ndi pa masewera enieniwo, omwe amasungidwa m'mafayilo otchedwa ROM. Amenewa ali ndi eni ake. Pac-Man ndi wa Bandai Namco, Donkey Kong ndi wa Nintendo, ndipo lamulo la ku America limateteza zopangidwa ndi kampani kwa zaka 95 kuchokera pamene zinatulutsidwa. Kukalamba kwa masewera sikuwasandutsa nkhuni za m'tchire zotola aliyense.

Okonza miyamboyi amadalira mawu amodzi, akuti ndalamayo sikulowa m'thumba mwawo. Mtima ndi wabwino ndithu, koma lamulo linawapatsa mpata wochepa. Limalola kuimba nyimbo kapena kuwerenga zolembedwa pa mwambo wosapanga phindu, nazonso motsatira mfundo zina. Masewera a pakanema mulibemo. Ndipo kuseweretsa anthu pagulu ndi nkhani inanso payokha. Mu 1989, pa mlandu wa makampani a Red Baron ndi Taito wokhudza masewera a Double Dragon, khoti linagamula kuti kuika makina otere poti aliyense asewere n'kuonetsa ntchito ya mwini wake poyera.

Chipukutamisozi chimene wophwanya lamuloli angalipire chimayambira pa madola 750 mpaka 30,000 pa sewero lililonse, ndipo chingafike 150,000 khoti likaona kuti munthu anachitira dala. Tsono werengerani kakhadi kaja.

Kunena chilungamo, milandu yotchuka inagwera ofalitsa ma ROM pa intaneti. Eni LoveROMs anavomera mu 2018 chigamulo cholipira Nintendo madola opitirira 12 miliyoni, mwini RomUniverse analamulidwa kulipira madola 2.1 miliyoni mu 2021. Sindikuona kampani ikuthamangira kusumira kagulu kothandiza chipatala cha ana, ingadzichotsere ulemu. Chomwe n'chapafupi ndi kalata ya maloya yolamula kuti mwambo uimitsidwe, holo italipiridwa kale, matikiti atagulitsidwa, chithunzi cha Pac-Man chitadzaza pa Facebook. Makomiti ochenjera amabwereka makina enieni kwa ochita malonda amenewa, ndipo amafuna chilolezo cholembedwa asanasindikize zoitanira anthu.