Kulimba mtima kwa ku Mvera ndi kwa maiko ena

Mu 1924, ku Santa Ana m'chigawo cha California, Ralph Smedley adayambitsa kalabu ya Toastmasters yoti anthu amanyazi aziphunziramo kuyankhula pagulu. Membala amaimirira, mnzake amamuwerengera mphindi, wina n'kumuuza pamene waphonya. Ku America ngakhale mwana amazolowetsedwa kuyang'ana mkulu m'maso ndi kunena chimene akufuna.

Ku Mvera mwana wotero ndi wamwano. Kuchinamwali anamkungwi amalangiza mtsikana kugwada popereka madzi ndi kuzyolika akulu akamayankhula. Mlendo angayese kuti anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndi amantha, koma ndiye kuti sadafikepo pabwalo la mfumu tsiku la mlandu wa munda, pamene mwinimbumba amalongosola malire kuyambira nthawi ya makolo, popanda pepala m'manja. Sadayesenso kunenerera tomato kwa amayi a pamsika wa Mvera, m'mbali mwa msewu wa ku Salima.

Kuno kulimba mtima kumabwera ndi udindo. Munthu amamasuka pakamwa akamayankhulira mbumba, mpingo kapena gulu. Mishoni imene Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok adakhazikitsa pa Mvera mu 1889, m'dziko la mfumu Chiwere, ndiyo idabala Sinodi ya Nkhoma, ndipo m'Chigwirizano cha amayi a mpingowu, chomwe chidayamba mu 1940, amayi ambiri adaphunziramo kuima kutsogolo, kutsogolera pemphero ndi kulalikira anzawo. Lero banki m'khonde ikuchitanso zomwezo: mayi wofatsa akangosankhidwa kukhala msungichuma, amalonjerera ngongole ngakhale kwa apongozi ake.

Vuto limaoneka munthu akatsala yekha. Mayi yemwe uja akalowa m'chipinda cha dokotala amangoti "inde" asadamve kamwedwe ka mankhwala. Mlimi amaona kuti sikelo ya venda ikumubera soya, koma amakadandaulira kunyumba. Chonsecho makolo adanena kale kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ulemu si umene ukulakwa. Ku Japan anthu amawerama polonjerana ndipo kudzitama n'kochititsa manyazi, komabe m'mafakitale a Toyota wantchito aliyense ali ndi chilolezo chokoka chingwe chimene chingaimitse ntchito akaona cholakwika. Adapatsa wamng'ono njira yodziwika yonenera vuto popanda kutchedwa wamwano, ndipo imeneyi ndiyo ikusowa m'maofesi ndi m'makalasi athu ambiri.

William Kamkwamba, wobadwira ku Dowa mu 1987, adaima pamsonkhano wa TED ku Arusha mu 2007 ali ndi mantha, Chingerezi chikumuthawa, pofotokoza za makina ake opanga magetsi ndi mphepo. Mu 2009 adaimanso ku Oxford n'kuyankhula bwinobwino. Pakati pa zaka ziwirizo adabwerera kusukulu ndipo adazolowera kuima pamaso pa anthu.

Aphunzitsi a ku Mvera safunika ndalama kuti achite zofanana. Mwana aliyense, makamaka mtsikana wokhala kumbuyo m'kalasi, azipatsidwa mphindi ziwiri pa sabata zofotokozera anzake kanthu, poyamba m'Chichewa, ndipo akalakwitsa asasekedwe.