Zidutswa za Citenje Zoteteza Manja Pamoto

M'manyumba ambiri, poto akawira pa mbaula, amai amamuphula ndi nsonga ya citenje cimene avala. Cizolowezi cimeneci n'cakale, koma n'coopsa, pakuti nsalu imalendewera pafupi ndi makala, ndipo mwana amene akuphunzira kuphika amaona ndi kutengera zomwezo. Kansalu kogwirira mapoto, kosokedwa ndi zidutswa zimene telala amataya, kangacotse ngozi imeneyi popanda kuononga ndalama.

Musanatenge singano, yambani mwadziwa mtundu wa nsalu yanu. Fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe, imene inkaomba nsalu za thonje, inaima nchito mu 2007, ndipo zitenje zambiri zotsika mtengo za ku Kamwala kapena pa msika wa Kapata zimacokera kunja. Zina mwa izo n'zosakaniza ndi polyester. Nsalu yotere ikakhudza citsulo cotentha kwambiri imasungunuka ndi kumatirira pa khungu, ndipo bala lake limaposa la kungopsa ndi poto. Kuiyesa n'kosavuta: dulani kacidutswa, kapaneni ndi timitengo tiwiri ndi kukayandikiza pa lawi, madzi ali pambali. Thonje limanunkha ngati pepala lopserera ndi kusiya phulusa lofewa. Polyester imakhwinyata, kenaka n'kuuma ngati kamkanda kakuda. Imeneyo isungireni nchito ina, ngakhale maluwa ake akukopeni bwanji.

Dulani nsalu ziwiri za masentimita 22 mbali zonse zinai. Ya pamwamba mungailumikize ndi tizidutswa ta maonekedwe osiyana, ndipo apa ndi pamene luso la mai limaonekera. Ife tiona kuti mitundu iwiri kapena itatu imakongola kuposa isanu ndi umodzi. Koma cimene cimateteza dzanja ciri m'kati. Ikani zidutswa ziwiri za thaulo lakale la thonje, locapa bwino. Siponji ya matiresi musaiyese n'komwe, cifukwa nayonso imasungunuka.

Sanjikani zonse, nsalu zokongola ziri kunja, ndipo sokani mizere yodutsa ponseponse, yotalikirana masentimita atatu, kuti thaulo lisadzaunjikane pamalo amodzi pocapa. Makina sali ofunika; singano yaikulu ndi ulusi wolimba zikwanira. M'mphepete mukute ndi kansalu kopinda, ndi kusiya kacingwe pa ngodya kokolowekera pa msomali, kutali ndi moto. Sokani tiwiri, pakuti poto wa nsima ya banja lalikulu saphulidwa ndi dzanja limodzi. Kacitatu, kokulirapo, kangakhale kokhazikapo poto pa thebulo. Titatu timeneti, tosokedwa mosamala, ndi mphatso yosacititsa manyazi kwa mwana wamkazi wokonzekera ukwati.

Kansaluka kakanyowa, kasagwire nchito mpaka kataumiratu. Madzi amapititsa kutentha msanga, ndipo amasanduka nthunzi imene imafika pa dzanja poto ali kale m'mwamba, pamene kumusiya ndiko kumukhuthulira pa mapazi kapena pa mwana wokwawa. Wina akapsa, thirani madzi ozizira pa balalo kwa mphindi 20. Musapakepo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Bala likakhala lalikulu, kapena ngati wapsayo ndi mwana, thamangirani naye ku cipatala.