Makaisha a mowa akasowa pa njira: ndani ayenera kulipira?

Anthu akakolola n'kugulitsa chimanga, kachewere ndi fodya, nyengo ya maukwati imayamba, ndipo mowa wa m'mabotolo umayenda kwambiri m'misewu ya chigawo cha Tete. Mu Disembala zimakhalanso chimodzimodzi. Mwini baraka wa ku Ulónguè, Furancungo, Tsangano kapena Zóbuè sangatseke malonda tsiku lonse kuti akagule yekha mu mzinda wa Tete. Amaitanitsa pa foni, amalipira pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo a kudepoti amakweza makaisha, omwe ena amati makreti, pa chapa kapena pa lole, apo ayi amakawasiya ku kampani yotumiza katundu. Masiku ambiri katundu amafika bwino. Koma tsiku lina safika, kapena pa makaisha 10 otumizidwa pamatsika 7, ndipo aliyense amayamba kuloza mnzake chala.

Malamulo a zamalonda m'dziko muno sabisa mawu pa nkhaniyi. Amene walandira katundu kuti amunyamule polipidwa ali ndi udindo pa katunduyo kuyambira pamene wamulandira mpaka pamene wamupereka kwa woyenera kulandira. Angapulumuke pokhapokha atasonyeza kuti kutayikako kunadza ndi chinthu chomwe sakanatha kuchipewa, kapena kuti wolakwa ndi wotumiza mwini, monga pomanga katundu mosasamala. Vuto ndi lakuti lamulo limafuna umboni. Pa milandu yotere, zambiri zimatsamira pa zomwe zinalembedwa pa ola lokweza katundu, osati pa kukula kwa mawu a wodandaula pa siteji.

Mowa ndi katundu wovuta kuulondola. Foni yobedwa ili ndi nambala yakeyake, koma kaisha ya 2M, Manica, Impala kapena Txilar imafanana ndi ina iliyonse, ndipo wogula amapezeka pa baraka iliyonse ya m'mbali mwa msewu. Komanso mu kaisha imodzi muli zinthu zitatu zamtengo: mowa weniweniwo, mabotolo obwezedwa, ndi kaisha yapulasitiki. Mabotolo ndi kaisha, zomwe amalonda amazitchula kuti vasilhame, zili ndi mtengo wake paokha, ndipo mwini baraka amene alibe zopanda kanthu zoti abweze amalipira ndalama yowonjezera pa oda yotsatira. Ambiri powerengera zomwe ataya amaiwala mbali imeneyi, n'kudzaikumbukira atagwirizana kale za malipiro.

Choyamba n'kudziwa ngati katundu watayikadi. Ulendo wochoka ku Tete kupita ku Ulónguè ndi wa makilomita oposa 200: galimoto imadzera msewu wa N7 kudutsa Moatize, kenako pa Mussacama imakhotera mu N304. Pa mtunda wotere chapa imatha kuwonongeka, kapena anthu akachepa dalaivala amawasamutsira mu galimoto ina pamodzi ndi katundu yense. Makaisha amatha kutsitsidwa pa siteji yolakwika, kutsala pansi pa malo okwezera, kapena kupatsidwa kwa munthu amene wangotchula dzina la mwini baraka. Choncho funso lothandiza kwa dalaivala ndi cobrador pa tsiku loyamba si lakuti "mowa wanga uli kuti," koma lakuti makaisha anatsitsidwa pati, nthawi yanji, ndipo anawalandira ndani. Ngati katundu anadzera ku kampani, nambala ya pa guia ndi imene imasonyeza nthambi yomaliza imene inamulemba kuti wafika. Kufufuza kumayambira pa nthambi imeneyo, ndipo kuyambike tsiku lomwelo, chifukwa mowa sukhalitsa pamalo pomwe palibe mwini wake.

Pali katundu wina amene sanatayike koma anagwidwa. Misewu ya chigawo chino imathera m'zipata za malire monga Zóbuè ndi Calómuè za ku Malawi, Cassacatiza cha ku Zambia ndi Cuchamano cha ku Zimbabwe, ndipo a Alfândegas ndi apolisi amayang'anitsitsa zakumwa zaukali chifukwa cha malonda ozembetsa. Katundu wamalonda ayenera kuyenda ndi factura kapena guia de remessa. Makaisha akagwidwa, pamalembedwa chikalata chotchedwa auto de apreensão, chonena zomwe zagwidwa, malo ndi ofesi yomwe yazisunga. Dalaivala amene akunena kuti mowa unalandidwa pa njira ayenera kusonyeza chikalata chimenecho kapena kutchula malo enieni, kuti mwini katundu apiteko ndi mapepala ogulira. Ngati wotumiza ndiye sanapereke mapepala, sangadzudzule wonyamula. Ngati dalaivala sangatchule ngakhale malo, nkhani ya kugwidwayo ndi yokayikitsa.

Msampha waukulu uli pa zomwe wotumiza amalemba kuti zili m'katundu. Ena amakulunga mowa m'makatoni n'kulemba kuti "ziwiya za m'nyumba" pofuna kuchepetsa mtengo wotumizira, kapena chifukwa kampaniyo salandira zakumwa zaukali ndi zinthu zosweka. Katoni yotere ikasowa, wotumiza amakhala atadzitsekera yekha khomo: akanena zoona kuti munali mowa, kampani imamusonyeza pomwe anasayina kuti munali zina, ndipo imakana kulipira. Si zachilendo kwa makampani onyamula katundu kukhala okhwima pa mowa. Ku United States, positi ya boma ya USPS salola n'komwe kutumiza zakumwa zaukali, pomwe FedEx ndi UPS amalandira mowa kuchokera kwa amalonda okhala ndi chiphaso ndi mgwirizano wapadera okha, osati kwa munthu wamba. Amene akufuna kutumizira mbale wake wa kunja mabotolo angapo a Laurentina Preta ayenera kufunsa kaye ngati kampaniyo ndi dziko lomwe katundu akupita zimalola, chifukwa phukusi lokanizidwa likasowa palibe kolira.

Ngakhale mowa utalembedwa moona, malipiro sakhala odzaza nthawi zonse. Makampani ambiri amaika malire a ndalama zomwe angabweze, kawirikawiri powerengera kulemera kwa katundu, pokhapokha wotumiza atalembetsa mtengo weniweni ndi kulipira inshuwalansi. Mfundo zimenezi zimakhala m'zilembo zing'onozing'ono za pa guia kapena m'mgwirizano wa kampani, ndipo momwemonso muli masiku omwe dandaulo liyenera kuperekedwa. Masikuwo akadutsa, kampani imakhala ndi chifukwa chokanira ngakhale kulakwa kuli kwake.

Dandaulo likhale lolembedwa, m'makope awiri, ndipo kope la wodandaula lidindidwe ndi kulembedwa tsiku lomwe lalandiridwa. Mukhale nambala ya guia, tsiku lotumiza, mtundu ndi chiwerengero cha makaisha, mtengo wa pa factura, mtengo wa vasilhame ndi ndalama yonyamulira. Kudandaula pa foni kokha kumathera m'mawu akuti "tikufufuza," ndipo sabata zikapita palibe amene amakumbukira kuti foniyo anayankha ndani.

Apa pamabuka funso lomwe limadanitsa eni mabaraka ndi eni madepoti: pakati pa awiriwa, wataya ndani? Nthawi zambiri kampani imalankhula ndi amene anasayina potumiza, choncho wa ku Ulónguè sangapite patali popanda thandizo la depoti ya ku Tete. Koma izi sizitanthauza kuti depoti ndiyo iyenera kubweza mowa. Ndime 797 ya Código Civil imanena kuti ngati wogulitsa anangovomera kutumiza katundu kumalo ena, osiyana ndi pomwe amayenera kumuperekera, chiopsezo chimasamukira kwa wogula pa nthawi yomwe katundu waperekedwa kwa wonyamula. Mwachidule, ngati mwini baraka anagula mowa pa depoti n'kunena kuti aupereke kwa dalaivala wakutiwakuti, depoti yatha mbali yake ikangokweza, ndipo mlandu watsala pakati pa wogula ndi dalaivala. Zimasiyana ngati mgwirizano unali wakuti depoti ifikitse mowa pakhomo pa baraka: pamenepo, katundu asanafike, depoti ikadali ndi ngongole. Uthenga umodzi wa pa WhatsApp wonena amene anasankha galimoto ndi komwe katundu amayenera kuperekedwa umatha kugamula nkhani yonse.

Pa chapa nthawi zambiri sipakhala guia, koma umboni ulipo ndithu kwa amene anausunga: uthenga wa M-Pesa wosonyeza ndalama yopita ku nambala ya dalaivala, chithunzi cha makaisha ali m'galimoto, nambala ya galimotoyo, ndi munthu amene anathandiza kukweza. Ndi zimenezi, wodandaula apite kwa akuluakulu a siteji kapena a bungwe la eni magalimoto pa njirayo, ndipo afufuze mwini galimoto, chifukwa bwana amayankha pa zomwe wantchito wake wawononga ali pa ntchito. Milandu yambiri imathera pamenepa, popeza dalaivala wa njira imodzi amadya chifukwa anthu amamukhulupirira, ndipo mbiri ya kusowetsa katundu imafala msanga kuposa galimoto yake. Akavomera kulipira pang'onopang'ono, mgwirizanowo ulembedwe ndi kusayinidwa pamaso pa mlembi wa bairro kapena a mfumu, ndi masiku olipirira omveka bwino.

Kukambirana kukakanika, njira zilipo zingapo. Bwalo la m'dera, tribunal comunitário, limayanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono. Ngati ndalama ndi zambiri, nkhani imapita ku khoti la boma, ndipo amene alibe ndalama zolipira loya angapemphe thandizo ku IPAJ. Munthu amene anagula mowa wa paukwati kapena mwambo wa pakhomo pake amatetezedwanso ndi lamulo loteteza ogula, Lei 22/2009. Makampani a zamtengatenga wa makalata ndi maphukusi amayang'aniridwa ndi INCM. Kuyambira pamene boma linaganiza zothetsa Correios de Moçambique mu 2021, ntchitoyi yatsalira kwambiri makampani omwe si aboma, choncho n'kwanzeru kufunsa ngati kampani ili ndi chiphaso musanaipatse katundu wamtengo.

Apolisi amalowa pamene pali chizindikiro cha umbava. Kutaya katundu mwangozi ndi ngongole, si mlandu wa ku esquadra. Koma dalaivala kapena cobrador amene wagulitsa kapena kumwa mowa womwe anapatsidwa kuti akapereke wapalamula mlandu wotchedwa abuso de confiança, ndipo umenewo ngokanena ku PRM. Wodandaula asalande makiyi a galimoto kapena katundu wa dalaivala ngati chikole, chifukwa akatero mlandu umatembenukira kwa iye.

Katundu akafika wosakwanira kapena wosweka, wolandira awerenge makaisha ndi mabotolo galimoto isanachoke, ndipo alembe zomwe zikusowa pa pepala lomwelo asanasayine. Siginecha yopanda mawu imatengedwa ngati kuvomera kuti zonse zafika bwino. Dalaivala akanena kuti mabotolo anasweka m'maenje a msewu, afunsidwe zoswekazo: botolo losweka pa njira limasiya khosi lili ndi chitsekero chake chosatsegulidwa, pomwe botolo lomwedwa silisiya chotere. Ndipo ngati ukwati uli mawa moti mwini mwambo wakakamizika kugula mowa wina pamalopo pa mtengo wokwera, asunge lisiti yake, chifukwa kusiyana kwa mitengoko angakuike m'gulu la zomwe akufuna kubwezeredwa.