Msonkhano wa ku Durban ndi Zimene Unabweretsa ku Chiradzulu

Lero tikambirana za misonkhano ya akatswiri a sayansi, ija timamva kuti madokotala athu akwera ndege kupitako. Ambiri amayesa kuti ulendo wotere ndi wokangodya zonona ndi kugona m'mahotela. Zononazo zilipo ndithu, sitikana, koma pali msonkhano wina umene unachitika mumzinda wa Durban, ku South Africa, kuyambira pa 9 mpaka pa 14 Julayi 2000, umene anthu a ku Chiradzulu ayenera kuudziwa, pakuti zotsatira zake zinafika mpaka ku Namitambo ndi ku Mbulumbuzi.

Poyamba tione mmene msonkhano wotere umayendera. Munthu sangodzuka ndi kukaima patsogolo pa anzake. Kukali miyezi ingapo, iye amalemba mwachidule zimene wapeza pa kafukufuku wake ndi kuzitumiza kwa okonza msonkhano. Iwo amazipereka kwa akatswiri ena kuti aziunike, kawirikawiri osadziwa ndi dzina lomwe la mlembi. Zolemba zina zimakanidwa. Zina eni ake amauzidwa kuti azisindikize pa chipepala chachikulu, achipachike m'holo ndi kuima pambali pake kudikira mafunso a odutsa. Owerengeka okha ndiwo amapatsidwa mpata wolankhula, ndipo nthawi yake siipitirira kwenikweni mphindi khumi ndi zisanu. Akatha, aliyense m'chipindamo ali ndi ufulu womufunsa: Munayeza anthu angati? Amene sanabwererenso kuchipatala munawalondola? Mukudziwa bwanji kuti ndi mankhwala anu amene anawathandiza? Msonkhano wa sayansi uli ngati bwalo la milandu kwa amfumu, kungoti pano wozengedwa mlandu ndi umboni, osati munthu.

Tsono msonkhano wa mu 2000 unali wa matenda a Edzi, wa nambala 13 pa misonkhano yotere ya dziko lonse lapansi, ndipo unali woyamba kuchitikira mu Africa. Kunafika anthu pafupifupi 12,000. Pa nthawiyo mankhwala a ARV anali atapezeka kale. Kuyambira mu 1996 odwala a ku Ulaya ndi ku America anali kudzuka pamphasa. Koma mtengo wake unali woposa madola 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka. Kuno kwathu unali mtengo wongoumva pa wailesi, ndipo maliro anali tsiku ndi tsiku.

Mkangano unabuka msonkhano usanatsegulidwe. Pulezidenti wa South Africa wa nthawiyo, a Thabo Mbeki, anali kumvera anthu ochepa amene ankakayika ngati kachilombo ka HIV ndiko kamayambitsa Edzi. Poyankha, akatswiri ndi madokotala oposa 5,000 anasaina chikalata chotchedwa Durban Declaration, chimene chinasindikizidwa m'magazini ya sayansi ya Nature, kutsimikiza kuti umboni ulipo wokwanira. Pa tsiku lotsegulira, anthu zikwi anayenda m'misewu ya Durban motsogozedwa ndi bungwe la Treatment Action Campaign, kupempha kuti mankhwala atsike mtengo. Madzulo ake, pa bwalo la masewero la Kingsmead, kamnyamata ka zaka 11, Nkosi Johnson, kobadwa ndi kachilomboka, kanaima pamaso pa khamu lonse ndi kupempha kuti odwala asamasalidwe, ndiponso kuti amayi oyembekezera azipatsidwa mankhwala oteteza ana awo. Mwanayu anamwalira pa 1 Juni 2001. Woweruza milandu wina wa m'dzikomo, a Edwin Cameron, anauza msonkhanowo poyera kuti iwo ali moyo chifukwa chakuti malipiro awo akukwanira kugula mankhwala, pamene amphawi odwala nthenda yomweyo akufa. A Nelson Mandela ndiwo anatseka msonkhano, napempha kuti anthu aleke kukangana, ayambe ntchito yopulumutsa miyoyo.

Mawu okha sachiza munthu, koma mawu a ku Durban anagwedeza dziko. Mu Febuluwale 2001 kampani ya ku India yotchedwa Cipla inalengeza kuti idzagulitsa mankhwala atatu ofunikawo pa madola 350 pa chaka kwa bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières, limene ambiri timangoti MSF. Mu Ogasiti chaka chomwecho, MSF pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo anayamba kupereka ma ARV mwaulere pa chipatala cha boma cha Chiradzulu. Apa ndi pamene boma lathu laling'onoli linalowa m'mbiri ya sayansi, chifukwa okayika anali akadalipo. Mkulu wina wa bungwe la chithandizo la dziko la America ananena chaka chomwecho kuti anthu ambiri a mu Africa sadziwa wotchi, choncho sangathe kumwa mankhwala pa nthawi yake. Anaiwala kuti mlimi amene amadziwa nthawi yobzala chimanga ndi yothira feteleza sangalephere kusiyanitsa m'mawa ndi madzulo.

Yankho linachokera m'makaundula a odwala. Mu 2006 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa odwala 1,308 a ku Chiradzulu. Pafupifupi atatu mwa anayi alionse anali akadali pa mankhwala, ndipo mwa amene anayezedwa magazi, oposa asanu ndi atatu mwa khumi anapezeka kuti kachilomboka kafooka kwambiri m'thupi mwawo. Sitibisa kuti ambiri anamwaliranso, makamaka amene anafika kuchipatala matenda atakula kale. Koma funso lija lakuti kodi chithandizochi chingatheke kumudzi linayankhidwa. Popeza madokotala anali ochepa, ntchito yoyambitsa odwala pa mankhwala inapatsidwa kwa makiliniko ofesala, kenaka anamwino, ndipo inatsikira ku zipatala zing'onozing'ono za m'midzi kuti anthu asamayende mtunda wautali. Njira zimenezi zinakambidwa m'misonkhano yotsatira, ndipo maiko ena anatengerapo phunziro. Boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV mwaulere m'dziko lonse mu 2004, ndi thandizo la thumba la Global Fund. Pamene msonkhanowu unabwereranso ku Durban mu Julayi 2016, anthu pafupifupi 17 miliyoni pa dziko lonse anali pa mankhwalawa.

Tsopano tituluke m'holo, tione mzinda umene unalandira alendowo. Ine ndimati wopita ku msonkhano amene amangodziwa njira ya ku hotela ndi ya ku chipinda cha msonkhano wataya theka la ulendo wake. Durban uli m'mphepete mwa nyanja ya mchere ya Indian Ocean, ndipo uli ndi doko lalikulu kumene katundu wina wobwera kuno kwathu amatsikira. Mwezi wa Julayi ndi nyengo yozizira, koma kuzizira kwake sikuposa chiperoni cha kwathu; juzi imodzi ikwanira. Alendo ambiri amathamangira ku mchenga wa kunyanja ndi ku munda wa maluwa ndi mitengo wa Durban Botanic Gardens, umene unayamba mu 1849. Zonsezi ndi zabwino, koma munthu wa ku Chiradzulu ali ndi malo ena omuyenera.

Pafupi ndi holo ya msonkhano pali paki yotchedwa Gugu Dlamini. Mayiyu anaphedwa ndi anthu a m'dera lake ku KwaMashu mu Disembala 1998, atangoulula poyera kuti ali ndi HIV. Mukaima pamenepo mumvetsa chifukwa chake mutu wa msonkhano wa mu 2000 unali wakuti anthu aleke kukhala chete. Mukayenda pang'ono kuloza ku Warwick Junction mupeza msika waukulu wa mankhwala azitsamba, makungwa ndi mizu zili mbwee, ogula ali piringupiringu. Dokotala wanzeru amaima pamenepo kanthawi, chifukwa odwala ake ambiri, a ku Durban ngakhalenso a kuno, amayamba adzera kwa asing'anga asanafike kwa iye.

Kumpoto kwa mzinda, mtunda wa makilomita oposa 20, kuli Inanda. Kumeneko kuli sukulu ya Ohlange, imene a John Langalibalele Dube anatsegula mu 1901 atabwerako ku maphunziro ku America. Kodi nkhaniyi siikukumbutsani za munthu wina? A John Chilembwe nawonso anaphunzira ku America, nabwerera mu 1900 kudzakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, konkuno ku Chiradzulu. Onse awiri ankafuna kuti munthu wakuda aphunzire kuwerenga pamodzi ndi ntchito zamanja, adziimire payekha. Njira zawo zinasiyana pambuyo pake: a Dube anakhala mtsogoleri woyamba wa bungwe limene linadzatchedwa ANC, mu 1912, pamene a Chilembwe anafera pa kuukira kwa mu 1915. Pa sukulu ya Ohlange pomwepo ndi pamene a Mandela anaponyera voti yawo pa 27 Epulo 1994, ndipo chapafupi pali Phoenix, mudzi umene Mahatma Gandhi anakhazikitsa mu 1904.

Amene ali ndi tsiku lina lapadera apite kummwera, ku Chatsworth. Kumeneko kumakhala anthu otchedwa Amazanzibari, ngakhale kuti makolo awo ambiri sanali a ku Zanzibar ayi. Anali Amakhuwa a kumpoto kwa Mozambique, amene zombo za Angerezi zinawalanditsa kwa ogulitsa akapolo ndi kuwatsitsa ku Durban kuyambira mu 1873. Anayamba kukhala kudera la Bluff, kufikira malamulo a tsankho atawasamutsira ku Chatsworth. Chimakhuwa ndi Chilomwe ndi zinenero zapachibale, motero Mlomwe wa ku Chiradzulu akamva agogo a kumeneko akulankhula chinenero cha makolo awo, mawu ena adzawazindikira.