Ndege zosema za pa Khwekhwelere zingathe kusunga mbiri ya dziko

Aliyense amene anatsikapo msewu wa Khwekhwelere, womwe umapatukira pa Masasa m'boma la Ntcheu kulowera ku Golomoti, amawadziwa malonda a m'mbali mwa msewuwu: tigalimoto, tinjinga, timathirakitala ndi tindege tosema ndi mtengo. Luso la amisiriwa ndi losachita kufunsa. Koma wogula akanyamula kandege m'manja, funso limodzi limamufikira: kodi imeneyi ndi ndege iti, yomwe inkauluka liti?

M'maiko ena funsoli ndilo phata la ntchito yopanga tindege tofanizira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Airfix ya ku Britain yakhala ikugulitsa tizidutswa tapulasitiki tomwe munthu amalumikiza ndi guluu, n'kupaka utoto, mpaka patatuluka ndege yodziwika ngati Spitfire ya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Okonda ntchitoyi sakhutira ndi kandege kokongola chabe. Amafuna kafanane ndi ndege yeniyeni pa zinthu zitatu: muyeso, kaumbidwe ndi utoto.

Muyeso ndi masamu. Pabokosi pakalembedwa 1:72, ndiye kuti sentimita imodzi pa kandegeko ikuimira masentimita 72 pa ndege yeniyeni. Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu kawirikawiri zimapangidwa pa muyeso wa 1:144. Mwachitsanzo, Boeing 737-300 ndi yotalika mamita 33.4, choncho kandege kake kamakhala ka masentimita pafupifupi 23. Mapiko, mchira ndi mawilo zonse zimagawidwa ndi nambala yomweyo. Chiwalo chimodzi chikaposa, wodziwa ndege amaona msanga.

Pa kaumbidwe mpamene mbiri ya Malawi ikulowerapo, chifukwa ndege zomwe zatumikira dziko lino zinali zosiyana kwambiri. Kampani ya Air Malawi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964 pansi pa Central African Airways, ndipo inayamba kuima payokha mu 1967. Pambuyo pake inayamba kuulutsa BAC One-Eleven, ndege ya injini ziwiri zomangiriridwa kumbuyo, pafupi ndi mchira. Mu 1974 inagula Vickers VC10 yomwe inkayenda pakati pa Blantyre ndi London. Iyi inali ndi injini zinayi, zonse kumbuyo, ziwiri mbali iyi ziwiri mbali inayo, ndipo timapiko ta kumchira tinali pamwamba penipeni ngati chilembo cha T. Mmisiri amene angaike injini pansi pa mapiko a VC10 ndiye kuti wasema ndege ina.

Mu 1991 kunabwera Boeing 737-300 yotchedwa Kwacha, ya injini ziwiri za pansi pa mapiko. Kunalinso ATR 42 yotchedwa Shire, ya mapiko a pamwamba pa thunthu ndi zopukusa ziwiri.

Chachitatu ndi utoto ndi zilembo. Ndege iliyonse ili ndi nambala yake monga ilili galimoto, ndipo za ku Malawi zimayamba ndi 7Q. VC10 ija inali 7Q-YKH, pomwe Kwacha inali 7Q-YKP. Ngakhale mbendera imafuna kusamala. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu, koma mu 2012, pansi pa Joyce Banda, dziko linabwerera ku dzuwa lofiira lotuluka la mu 1964. Kujambula dzuwa loyera pa ndege ya m'zaka za m'ma 1970 n'kunamiza wogula.

Wina angafunse kuti kuvutikira kotereku n'kwa chiyani pa chidole. Yankho n'lakuti ndege zenizenizo zikutha. VC10 inasiya kuuluka mu 1979, ndipo itakhala zaka zambiri ili chiimire pa bwalo la Chileka, inaphwasulidwa. Air Malawi yomwe inathetsedwa mu 2013, ndipo m'malo mwake munalowa Malawian Airlines, yomwe inayamba maulendo mu January 2014, boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines 49. Mwana wobadwa lero sadzaiona ndege yomwe inkanyamula agogo ake kupita ku London, pokhapokha pa chithunzi kapena pa chosema cholondola.

Palinso mbiri ina yomwe ili pafupi ndi msewu wa Khwekhwelere. Ambiri mwa alendo odutsa pamenepa amakhala akupita ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear. Mu 1949 ndi 1950, ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, za mtundu wa Short Solent, zinkaima pa Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa Britain ndi South Africa. Mlendo wopita kukasambira pamalo omwewo angakondwere kugula chithunzithunzi cha ndege ya injini zinayi imeneyi, yomwe mimba yake inali ngati ya bwato.

Zofunika kuti mmisiri afike pamenepa si zambiri: zithunzi zomveka bwino za ndegeyo kuchokera kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba, miyeso yake yomwe imapezeka pa intaneti, rula, ndi kuleza mtima pogawa manambala. Kapepala konena dzina la ndege ndi zaka zomwe inauluka kangapatse wogula chifukwa cholipirira mtengo wabwinoko, osati kunenerera ngati akugula chidole wamba.

Phindu lina ndi la mitengo. Mapiri a Ntcheu akumka nayera, ndipo kandege ka masentimita 23 sikadya chipika chachikulu. Mtengo wake ukachokera pa kulondola osati pa kukula, mmisiri adzapeza ndalama zokwanira asanagwetse nkhalango yomwe ana ake adzasemeremo mawa.