Mabanja 99 pa 100 alionse "asintha": sikelo inali m'manja mwa ndani?

Mu June 2015 boma la Britain lidalengeza kuti pa mabanja 117,910 a ku England omwe adalowa m'ndondomeko yotchedwa Troubled Families (kutanthauza mabanja ovuta), mabanja 116,654 adali atasintha. Ndiye kuti 99 pa 100 alionse. Ana ojomba akuti adabwerera m'kalasi, anyamata osowetsa mtendere adatsika mtima, ndipo makolo ena adapeza ntchito. Nduna yaikulu ya nthawiyo, David Cameron, idanyadira kwambiri.

Koma munthu amene adalowapo m'nyumba momwe bambo amalawirira mowa, mayi akudwala matenda a nkhawa, mwana wamkulu ali ndi mlandu kupolisi ndipo mwini nyumba akufuna lendi, amadziwa kuti mavuto otere satha chonchi. Funso lidabuka msanga: adayeza bwanji, nanga adayeza ndani?

Nkhaniyi idayambira pa zipolowe za mu August 2011. Apolisi atawombera ndi kupha Mark Duggan ku Tottenham mumzinda wa London, achinyamata adathyola ndi kutentha masitolo, ndipo chipwirikiticho chidafalikira ku Birmingham, Manchester ndi mizinda ina. Cameron adaloza chala mabanja. Adalonjeza kuti pofika 2015 boma lake lidzakhala litasintha mabanja 120,000 omwe adati ngovuta kwambiri. Lidaika padera £448 miliyoni, nkusankha Louise Casey kuti atsogolere ntchitoyo, yomwe idayamba mu April 2012 m'makhonsolo 152.

Vuto loyamba lidali m'chiwerengero cha 120,000 chomwecho. Chidachokera m'kafukufuku wa 2004 yemwe adawerenga mabanja okhala ndi mavuto osachepera asanu mwa asanu ndi awiri awa: palibe kholo lili pantchito, nyumba njosalongosoka kapena yothinana, makolo alibe satifiketi iliyonse, mayi akudwala matenda a m'maganizo, kholo lina nlolumala kapena lodwaladwala, ndalama nzochepa, ndipo chakudya ndi zovala zina sangakwanitse kugula. Pamndandandawu palibe umbanda, palibenso kujomba. Ruth Levitas wa ku University of Bristol adadandaula mu 2012 kuti boma latenga chiwerengero cha mabanja ovutika nkuchisandutsa cha mabanja ovutitsa. Ngakhale zidali choncho, chiwerengerocho chidagawidwa, khonsolo iliyonse nkuuzidwa kuti kwanu kuli mabanja akutiakuti, kawapezeni.

Banja linkalowa m'ndondomekoyi ngati muli mwana wamilandu kapena anthu osowetsa anzawo mtendere, mwana wojomba kapena wochotsedwa sukulu, ndi wamkulu wolandira chithandizo cha boma cha anthu osagwira ntchito. Khonsolo idaloledwanso kuwonjezera chifukwa china mwa iyo yokha. Pa banja lililonse boma linkapereka ndalama zofika £4,000, koma m'magawo awiri. M'chaka choyamba £3,200 inkabwera banja likangolembedwa, ndipo £800 yotsalayo inkadikira zotsatira. Pofika chaka chachitatu, gawo lodikira zotsatira lidakula kufika £2,400.

Nanga kusintha kudali chiyani? Mwana aliyense akhale kuti masiku ojomba popanda chifukwa sadafike 15 pa 100 alionse m'materemu atatu, ndipo sadaimitsidwe sukulu kofika katatu. Madandaulo a kusowetsa mtendere atsike ndi 60 pa 100 alionse m'miyezi isanu ndi umodzi, milandu ya ana itsike ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Padalinso njira yachidule: munthu wamkulu mmodzi akangoleka kulandira chithandizo cha boma nkukhalitsako pantchito, banja lonse linkalembedwa kuti lasintha, kaya m'nyumbamo nkhanza zikupitirira, kaya mwana akadali kujomba. Lipoti la boma lomwelo la mu 2014 lidapeza kuti banja lililonse lidali ndi mavuto pafupifupi asanu ndi anayi. Sikelo inkayang'ana atatu okha. Nkhanza za m'banja, mankhwala ozunguza bongo ndi matenda a m'maganizo sizinkayezedwa konse.

Ndipo wolemba zotsatirazo adali khonsolo yomwe inkalandira ndalamayo, panthawi yomwe boma lidali likudula kwambiri bajeti ya makhonsolo kuyambira 2010. Zili ngati wogulitsa chimanga kumupatsa sikelo kuti ayeze yekha thumba lake, nkumuuzanso pasadakhale makilogalamu omwe akuyenera kupeza. Sikuti akuluakulu a makhonsolo adali akuba ayi. Ambiri adangotsata malamulo momwe adalembedwera, kufananitsa mabuku a sukulu, apolisi ndi ofesi ya ntchito, nkupeza mabanja omwe manambala awo adatsika. Makhonsolo ochuluka adapereka malipoti oti mabanja awo onse, osatsalako ngakhale limodzi, asintha.

Pali chinanso chomwe sichionekera msanga. Banja limalembedwa panthawi yomwe zinthu zafika poipitsitsa, mwana atangomangidwa kapena atangochotsedwa sukulu. Pakapita miyezi, ambiri amapezako bwino ngakhale popanda wowathandiza. Mnyamata amakula nkusiya gulu loipa, bambo amapeza ganyu, matenda amachepa. Woyeza akangoyang'ana pomwe banja lidayambira ndi pomwe lafika, amadzitama ndi ntchito yomwe yagwiridwa ndi nthawi. Njira yodziwira zoona ndiyo kuika pambali pake mabanja ena a mavuto ofanana omwe sadathandizidwe, nkuona ngati pali kusiyana.

Izi nzomwe adachita akatswiri a National Institute of Economic and Social Research, omwe adali m'gulu lolembedwa ntchito ndi boma lomwelo motsogozedwa ndi kampani ya Ecorys. Mu August 2016 pulogalamu ya Newsnight pa BBC idaulula kuti lipoti lawo lidatha koma silikutulutsidwa. Litatuluka mu October chaka chomwecho, lidati ofufuza sadapeze umboni wokhazikika woti ndondomekoyi idasintha kanthu pa nkhani ya ntchito, kulandira chithandizo cha boma, kupita kusukulu kapena milandu. Iwo adavomereza kuti zolemba zomwe adalandira kuchokera kumakhonsolo ena zidali zoperewera, koma mpata wa pakati pa 99 pa 100 alionse ndi kusapeza kusiyana sungafotokozedwe ndi zimenezo zokha. Mu December 2016 komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma idati kunena kuti mabanja asintha kudali kusocheretsa anthu. Apa nkuti boma litalengeza kale, mu 2013, kuti ndondomekoyi ikuzidwa kuti ifikire mabanja ena 400,000, kafukufuku asadanene kanthu.

Chomvetsa chisoni nchakuti phokoso la manambalali lidakwirira ntchito yabwino yomwe inkachitikadi m'makomo ena. Njira yogwirira ntchito ndi banja lonse siidayambe ndi Cameron. Mumzinda wa Dundee ku Scotland idayamba mu 1996, pothandiza mabanja omwe adatsala pang'ono kuthamangitsidwa m'nyumba za khonsolo. Mfundo yake njosavuta kumva: m'malo moti banja lizichezeredwa ndi anthu khumi a maofesi khumi, aliyense ndi fomu yake, pakhale mlangizi mmodzi amene banjalo likumudziwa dzina. Iyeyu amagogoda m'mawa ana asadadzuke, amathandiza kufunafuna yunifolomu ndi nsapato, amaperekeza mwana mpaka pageti la sukulu. Masana amakhala pansi ndi mayi nkutsegula makalata a ngongole omwe akhala miyezi osatsegulidwa chifukwa cha mantha, nkuimbira foni mwini ngongole mayiyo ali pomwepo. Akamutsekera chitseko lero, mawa amabweranso. Kafukufuku wa mu 2016 uja, atafunsa mabanja eni ake, adapeza kuti omwe adathandizidwa ankadzidalira kuposa anzawo, ankati akuyendetsa bwino ndalama zawo, ndipo adali ndi chiyembekezo cha m'tsogolo. Zimenezi sizidali pa fomu yolandirira £4,000.

Kwa ine apa ndiye pagona nkhani. Zotsatira ndi ubwino wa chithandizo nzinthu ziwiri, ndipo chilichonse chimafuna muyeso wake. Ubwino wa chithandizo umaoneka pa zinthu zomwe zingathe kuwerengedwa ndithu, bola wina afune kuziwerenga. Mlangizi mmodzi ali ndi mabanja angati? Amene ali ndi asanu angathe kufika m'mawa, wa makumi atatu amangoimba foni. Banja lasinthiridwa alangizi kangati m'chaka chimodzi, nkumafotokozanso mavuto ake ochititsa manyazi kwa mlendo watsopano? Lidadikira masabata angati kuti lionedwe? Mlangiziyo ali ndi womuyang'anira amene amakhala naye pansi kukambirana za mabanja ovuta? Ndipo mwana, amene nthawi zambiri ntchito yonseyi imachitika m'dzina lake, adafunsidwapo payekha?

Zida zoyezera zomwe zimamvera banja zilipo. Mabungwe ambiri ku Britain amagwiritsa ntchito Family Star, pepala lokhala ndi chithunzi cha nyenyezi yomwe nsonga iliyonse ikuimira mbali ya moyo: thanzi, chitetezo cha ana, sukulu, ndalama ndi nyumba, mwambo wa pakhomo. Kholo ndi mlangizi amakhala limodzi nkugwirizana kuti pa nsonga iyi tili pati, kuyambira 1 mpaka 10. Pakapita miyezi amajambulanso, nkuona pomwe nyenyezi yatambasuka ndi pomwe yafota. Palinso mafunso 25 a Strengths and Difficulties Questionnaire omwe dokotala wa matenda a m'maganizo a ana, Robert Goodman, adatulutsa mu 1997, omwe kholo, mphunzitsi ngakhale mwana wokulirapo amayankha. Phindu la nyenyezi ija lili m'kucheza komwe imayambitsa. Nthawi zina nambala imatsika chifukwa ntchito ikuyenda bwino: mayi amene poyamba adati zachitetezo zili pa 8, atayamba kukhulupirira mlangizi amaulula kuti amamenyedwa, nkuika 3. Ofesi yongowerenga manambala idzati zinthu zaipa, pomwe ndi tsiku lomwe chithandizo chenicheni chayamba. Mukamangirira malipiro pa nambala imeneyo, mlangizi sadzalolanso kuti itsike.

Gawo lachiwiri la ndondomekoyi, kuyambira 2015, lidapatsidwa £920 miliyoni ndipo lidaphunzirako kanthu. Nkhanza za m'banja, thanzi ndi ana ofunika chisamaliro zidalowa m'muyeso, ndipo kufananitsa mabanja kudakonzedwa bwino. Lipoti la mu March 2019 lidapeza kuti patapita pafupifupi zaka ziwiri, ana 1.7 pa 100 alionse a m'mabanja othandizidwa ndiwo adali m'manja mwa boma, pomwe m'mabanja ofanana nawo adali 2.5. Achinyamata ndi akuluakulu olowa m'ndende adachepanso. Manambalawa ngaang'ono, koma kumbuyo kwake kuli ana enieni omwe adagona kwawo m'malo mogona kwa alendo. Mu 2021 dzina lonyoza lija lidachotsedwa, ndondomekoyi nkukhala Supporting Families.

Pa nkhani yofananitsayi Malawi adachita bwino kuposa gawo loyamba la ku England. Mtukula Pakhomo, yemwe adayambira ku Mchinji mu 2006 popereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, adayezedwa pakati pa 2013 ndi 2015 m'maboma a Salima ndi Mangochi. Woyeza sadali wogawa ndalama, koma akatswiri a Centre for Social Research ya University of Malawi pamodzi ndi a University of North Carolina. Magulu a midzi adasankhidwa mwamaere, ena kuyamba kulandira, ena kudikira, ndipo mabanja a mbali zonse ziwiri adafunsidwa ndalama isadayambe kufika. Choncho ofufuza atanena kuti mabanja olandira akudya bwino ndipo ana awo ambiri ali pasukulu, padali poyerekezera.

Njirayi ili ndi mtengo wake, ndipo amaulipira si ofufuza. Agogo olera ana amasiye m'midzi yodikira adali ovutika chimodzimodzi ndi anzawo a tsidya lina la msewu. Adayankha mafunso aatali okhudza zomwe adadya sabata yathayo ndi mbuzi zomwe alibe, kenako nkudutsa nyengo za njala akuona anzawo akulandira, mpaka kafukufuku atatha ndi pomwe nawo adalowetsedwa. Amene akukonza kafukufuku wotere ayenera kuwauza anthuwa zoona kuyambira pachiyambi, kufupikitsa kudikirako momwe angathere, ndi kubwerera kumidziko kukawafotokozera m'chiyankhulo chawo zomwe mayankho awo adaonetsa.